Galimoto ikatentha, imvani kaye mboni musanatulutse ndalama



Ena mudabwa kuti a imamu mwezi uno alowa m'galaja. Paja pano tinazolowera kukambirana za mbewu, za manyowa ndi za maukonde. Koma mpunga ukapunthidwa suyenda wokha kupita ku msika, ndipo makumba sasambira pa msewu mpaka ku Liwonde. Wodwala wa usiku, mayi woyembekezera, maliro ochokera ku chipatala, onsewa amadalira kapikapu kamodzi kapena Sienta imodzi ya m'mudzi. Masiku ano ana athu obwera ku Joni akugula magalimoto, mabanja ena akusonkherana kugula Probox kapena Canter, ndipo ndalama zambiri zikuthera pa vuto limodzi, galimoto kutentha. Tsono phunziro lathu likhala pa madzi a mu injini, hita ndi eyakoni, chifukwa zitatuzi n'zolumikizana.

Ife si amakaniko, ndife alimi. Zimene tikulembazi tinaziphunzira titaluza.

Chaka china mu Okutobala tinasonkherana anthu anayi n'kuchita hayala pikapu ya mnzathu wina. Kumbuyo kunali madengu a makumba aawisi ndi matumba a mpunga. Tinanyamuka titangoswali Fajr kuti dzuwa likamakula tikhale titafika. Tisanafike n'komwe pa tala, singano ya geji inayamba kukwera. A dalaivala anaima, mnyamata wawo anatenga kansanza n'kutsegula chivindikiro cha radiyeta pomwepo. Madzi owira anatumphuka n'kumuwaula mkono mpaka pa phewa, chipsera ali nacho mpaka lero. Tinathira madzi a pa mjigo, kuyenda pang'ono, yawiranso. Pofika pa galaja ina dzuwa linali pa liwombo. Makaniko sanagwire ngakhale paipi imodzi. Atangomva kuti yawira, basi: "Gasiketi imeneyo, bwana." Nsomba tinagulitsa pomwepo pa mtengo wolira, zina tinataya. Mwini galimoto anagulitsa mbuzi zinayi kuti injini imasulidwe. Patangotha sabata, galimoto inawiranso pa msewu womwewo.

Amene anapeza vuto anali mkulu wina wachikulire amene anakalambira m'magalaja a malole ku Limbe. Sanayambe ndi sipanala ayi. Anafunsa mafunso kwa kanthawi ndithu, kenako anatembenuza chivindikiro chija n'kutionetsa labala yong'aluka. Atatero anawalitsa tochi pa kampata ka pakati pa radiyeta ndi kondensa ya eyakoni. Munali mutadzaza njere za udzu, mankhusu a mpunga ndi fumbi, zitagwirana ngati chisa cha mpheta. Chivindikiro chatsopano chinali mtengo wa nkhuku imodzi. Kutsuka kunali kwaulere. Galimotoyo ikuyenda mpaka lero.

Pa milandu ya m'mudzi kapena ya pa mzikiti sitigamula tisanamve mboni. Galimoto nayo ili ndi mboni zake, ndipo zambiri mwa izo sizifuna chida china koma maso, mphuno ndi dzanja.

Mmene madzi amayendera

Ganizani za dimba lothirira. Pali pampu, pali ngalande, pali chitseko chotsegulira madzi. Mu injini ndi chimodzimodzi. Wotapampu, imene imazungulira ndi lamba, imakankha madzi m'tinjira ta mkati mwa injini. Madziwo amatola kutentha n'kutuluka pa paipi yaikulu kupita ku radiyeta, amadutsa m'timachubu topyapyala, mphepo imawaziziritsa, n'kubwerera mu injini pa paipi ina. Galimoto ikamathamanga mphepo imabwera yokha. Ikaima kapena ikamakwawa m'mabampu, fani ndiyo imakoka mphepo. Chitseko chija ndi themositati: injini ikakhala yozizira imatseka, ndipo m'magalimoto ambiri a ku Japan imayamba kutsegula madzi akafika pafupifupi madigiri 82.

Chivindikiro cha radiyeta anthu amachiona ngati chovindikirira chabe. Tayang'anani pamwamba pake, mupeza palembedwa 0.9 kapena 1.1. Nambala imeneyi ikunena mphamvu imene chimatsekera madzi. Madzi a m'poto amawira pa madigiri 100, koma madzi otsekeredwa mwamphamvu chotere sawira mpaka pafupifupi 120. Labala ya chivindikiro ikang'aluka kapena sipuling'i yake ikafooka, madzi amawira msanga n'kumatayika pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chakenso kutsegula injini ili yotentha n'koopsa: madzi amene apitirira 100 koma sakuwira, mukangowamasula, amawira onse nthawi imodzi n'kukuthirani kumaso. Dikirani theka la ola kapena kuposerapo. Finyani paipi ya pamwamba ndi nsanza. Ngati ili yolimba ngati tayala la njinga, musatsegule. Munthu akapsa, thirani madzi ozizira pa balapo kwa mphindi 20 n'kupita naye ku chipatala. Dzira, mankhwala otsukira mano, oyilo, zonsezo ayi.

Hita ndi karadiyeta kakang'ono kobisika kuseri kwa dashibodi. Timapaipi tiwiri timatenga madzi otentha a mu injini kupita nawo kumeneko n'kubwera nawo. Magalimoto athu ambiri ndi ogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, amatsikira ku Dar es Salaam, ndipo kwawoko kumagwa chipale, choncho hita alibe nayo masewera. Kuno timaiona ngati yopanda ntchito. Muona pansipa kuti ili nayo ntchito.

Funso loyamba: ikutentha liti?

Ili ndiye funso limene mkulu uja anayamba nalo, ndipo makaniko amene salifunsa muzimukayikira.

Ngati galimoto ikutentha mukaima pa siteji kudikira anthu, kapena mukamayenda pang'onopang'ono pa msewu wafumbi, koma mukalowa pa tala n'kuthamanga singano imatsika, ndiye kuti madzi akuyenda bwino, chosowa ndi mphepo. Yang'anani fani. M'magalimoto ang'onoang'ono fani ndi ya magetsi, ndipo njira yachidule yoiyesera ndi kuyatsa eyakoni: mwa ambiri, fani imayamba kuzungulira nthawi yomweyo. Ikangokhala chete, yambani ndi fyuzi, kenako rile, kenako mawaya, mota yake ikhale yomalizira. Fyuzi ndi mtengo wa sopo. Pa Hilux ndi malole ambiri fani imazungulira ndi injini kudzera pa kabokosi ka mafuta olimba. Zimitsani injini ili yotentha, chotsani kiyi, kankhani fani ndi dzanja. Iyenera kukana pang'ono. Ikangozungulira yokha ngati gudumu la njinga, kabokosiko katha. Palinso za mawaya otembenuzidwa: fani ikuzungulira ndithu, koma ikukankhira mphepo kutsogolo. Ikani pepala kutsogolo kwa galimoto. Liyenera kumamatira, osati kuuluka.

Abale, posuzumira mu injini ikulira, pindani manja a mkanjo, tasbihi ikani m'thumba, ndipo amayi mpango ukhale kutali. Fani ya magetsi imatha kudzuka yokha osakuchenjezani.

Ngati zili mosemphana, galimoto ili bwinobwino poima koma imatentha mukathamanga kapena mukamakwera zitunda kuchokera ku Liwonde kulowera ku Ntaja mutasenza feteleza, ndiye kuti radiyeta ikulephera kutaya kutentha konse. Mwina yatsekeka kunja ndi zinyalala monga zinalili ndi ife, mwina yatsekeka mkati ndi dzimbiri, mwina wotapampu yadyeka. Mukazimitsa injini n'kuchotsa kiyi, yendetsani dzanja mosamala kumbuyo kwa radiyeta. Malo ena akakhala otentha ena ozizira, timachubu tatsekeka. Potsuka zinyalala thirani madzi kuchokera kumbali ya injini kutulukira kutsogolo, ndipo musakolose ndi waya, timapepala take ndi tofewa.

Apa tinenepo za mwambo wathu wopachika nsomba pa galimoto kuti ziziombedwa mphepo. Pa galasi la m'mbali palibe vuto. Koma kutsogolo kwenikweni, pamene pamalowera mphepo, mukuitseka mphuno galimoto yanu.

Ngati singano ikukwera msanga, mphindi zochepa mutangoliza, kaya mukuyenda kaya mwaima, ganizirani zitatu: madzi achepa, lamba waduka, kapena themositati yakanirira chotseka.

Hita ngati mboni

Singano ikakwera muli pa ulendo, zimitsani eyakoni, tsegulani mawindo, ndipo yatsani hita mpaka pamapeto, fani yake pa nambala yomaliza. Okwera adzadandaula, muwapepese. Hita imathandiza kuchotsa kutentha kwina mu injini mpaka mupeze malo abwino oima. Koma chachikulu n'chakuti imakuuzani zimene zikuchitika mkati. Ikatulutsa mphepo yotentha kwambiri, madzi alimo ndipo akuyenda. Vuto lili ku radiyeta, ku fani kapena ku themositati. Koma singano ili pofiira hita n'kumatulutsa mphepo yozizira, imani pomwepo, musanene kuti tifike kaye pa Nselema. Madzi atha, kapena sakuyenda, ndipo kilomita imodzi yokha ikhoza kupha injini. Palinso chinyengo china: madzi akatheratu, singano imatha kutsika chifukwa kachipangizo koyezera katsala pouma. Munthu n'kumati Alhamdulillah yazizira, pamene injini ikupsa.

Hita ikakhala kuti sikutentha koma injini ili bwino, gwirani timapaipi take tiwiri kumbuyo kwa injini, pamene timalowera m'kati mwa galimoto. Tonse tiwiri tikakhala totentha, madzi akudutsa, vuto ndi kachitseko kosakaniza mphepo kapena waya wake kuseri kwa dashibodi. Kamodzi kotentha kena kozizira, karadiyeta kaja katsekeka, ndipo nthawi zambiri kamatseguka mukakatsuka ndi madzi mowabweza chammbuyo. Tonse tiwiri tozizira, madzi achepa kapena mwalowa mpweya. Kulira kwa madzi kuseri kwa dashibodi, ngati munthu akutsanula m'botolo, ndi mpweya womwewo.

Nanga mukapeza kapeti yanyowa kumapazi a wokwera kutsogolo? Apa ambiri amasokonezeka. Khudzani ndi chala n'kununkhiza, osalawa. Ngati ndi madzi oyera opanda fungo ndipo mumayatsa eyakoni, ndi kapaipi kotayira thukuta la eyakoni kamene katsekeka ndi matope kapena mavu amangamo. Kutsegula kwake ndi ntchito ya mphindi zisanu. Koma ngati ndi oterera, a mtundu, onunkhira motsekemera, ndipo galasi lakutsogolo likuchita nkhungu yamafutamafuta, karadiyeta ka hita kabooka. Kukasintha ndi ntchito yaikulu chifukwa amamasula dashibodi. Ndalama zikasowa, n'zololeka kulumikiza timapaipi tiwiri tija pamodzi ndi kachitsulo kabowo kuti madzi azilambalala. Kuteroko kuli bwino kusiyana ndi kutseka ndi chitsononkho monga tinaonera kwina. Koma dziwani kuti mwataya mboni, ndiponso m'mawa wa mu Juni galasi likachita nkhungu mudzakhala mukupukuta ndi kofia.

Madzi amene timathira

Amayi akudziwa zimene madzi a mijigo ina amachita m'ketulo: pansi pamagwira zoyera zolimba ngati laimu. Zomwezo zimagwira m'timachubu ta radiyeta, ndipo timachubuto ndi topyapyala kuposa phesi la mpunga. A kumbali ya Chilwa, kumene madzi ambiri ndi amchere, vutoli ndi lalikulu. Madzi a m'nyanja ndi a m'dambo amabwera ndi matope. Pa ngozi thirani amene alipo, injini ipulumuke, koma mukafika kunyumba akhetseni. Madzi abwino amene sitigula ndi a mvula, otungidwa denga litatsukika kale, osefedwa pa nsalu.

Madzi okha amadyetsa dzimbiri. N'chifukwa chake pali kulanti, wobiriwira kapena wofiira uja. Wina amagulitsidwa wosakaniza kale, wina mumasakaniza nokha, kawirikawiri theka ndi theka. Werengani pa botolo. Ena amati kulanti ndi wa kumayiko ozizira. Zoona amaletsa madzi kuundana, koma amaletsanso dzimbiri ndipo amachedwetsa kuwira, ndiye kuno akufunika ndithu. Musasakanize mitundu mwachisawawa. Chenjezo lalikulu: kulanti ndi wotsekemera koma ndi poizoni, amaononga impso. Osamusunga m'botolo la zakumwa pamene ana afikira, ndipo wakale osamutaya pamene mbuzi ndi nkhuku zimamwa kapena m'ngalande yopita ku nyanja.

Za kuthira dzira, ufa kapena fodya mu radiyeta kuti atseke pobooka, tazionapo. Pobooka pamatsekeka masiku awiri, hita ndi timachubu n'kutsekeka mpaka kalekale. Pofuna kupeza podontha, imikani galimoto pouma usiku, yalani katoni pansi, m'mawa muone. Yang'ananinso zipsera zoyera kapena zofiirira pa malumikiziro a mapaipi, m'mphepete mwa pulasitiki wa radiyeta, ndi pansi pa wotapampu pamene pali kabowo kamene kamayamba kulira misozi pampu ikamatha.

Themositati asaichotse

Chizolowezi cha m'magalaja ambiri n'chakuti galimoto ikangofika kuchokera ku Japan, themositati kunja, amvekere kuno n'kotentha kale. Ife tikuti ayi. Injini inapangidwa kuti izigwira ntchito pa kutentha kwake. Ikamayenda yozizira imamwa mafuta ambiri ndipo imadyeka msanga, ndipo ndi mmene mafuta akuvutiramu palibe amene ali ndi lita yotaya. Komanso m'mainjini ambiri themositati ikatsegula njira ya ku radiyeta imatsekanso kanjira kachidule ka mkati. Mukaichotsa, madzi ena amangozungulira m'kanjirako osafika ku radiyeta, galimoto n'kumatenthabe. Zili ngati kuzula chitseko cha ngalande n'kumadabwa kuti munda wakumunsi wauma.

Kuiyesa n'kosavuta. Imangirireni ku ulusi, ilowetseni m'chitini cha madzi pa mbaula, osati poto wa nsima. Madzi asanayambe kubwata iyenera kuyasama. Mukaitulutsa iyenera kutsekanso. Ikakana, gulani ina ya nambala yomweyo.

Nanga gasiketi yeniyeni?

Ilipo, sitikukana. Koma ili ndi mboni zake, ndipo mlandu waukulu chotere sugamulidwa ndi mboni imodzi. Injini ili yozizira m'mawa, tsegulani chivindikiro, dzazani madzi, lizani. Thovu likamatuluka mosalekeza ngati pali nsomba pansi, ndi chizindikiro. Paipi ya pamwamba ikalimba gwa patangopita mphindi imodzi injini isanatenthe, ndi chizindikiro china. Utsi woyera wambiri wosatha ngakhale injini yatentha, oyilo wosanduka ngati tiyi wamkaka, madzi kutha tsiku lililonse popanda podontha, injini kunjenjemera poliza m'mawa. Zikapezeka ziwiri kapena zitatu, vomerani. Koma funsanibe kuti chinayamba n'chiyani, pakuti gasiketi kawirikawiri imapsa chifukwa china chake chinatenthetsa injini. Mukasintha gasiketi n'kusiya chivindikiro chong'aluka, mbuzi zina zinayi zikudikira. Ndipo injini yowira musaithire madzi ozizira, kaya mkati kaya pamwamba. Mutu wa injini zambiri ndi wa aluminiyamu, umapindika kapena kung'aluka ngati mbiya yotentha yothiridwa madzi.

Eyakoni

Wina anena kuti eyakoni ndi za mabwana, ife mawindo alipo. Chabwino. Koma kondensa yake ili kutsogolo kwa radiyeta yanu, ndipo kompresa yake m'magalimoto ambiri atsopano imazungulira pa lamba mmodzi ndi alitaneta ndi wotapampu. Kompresa ikagwira, lamba amapsa n'kuduka, galimoto yonse yaima. Mukamva kulira kwa chitsulo kapena fungo la labala yopsa mukayatsa eyakoni, zimitsani msanga. Kulirako kukapitirira ngakhale mwazimitsa, ndi beringi ya gudumu lake, musachedwe nayo.

Kagwiridwe kake n'kofanana ndi firiji. Kompresa imapanikiza gasi, gasi amatentha, amatayira kutenthako pa kondensa n'kusanduka wamadzimadzi, amadutsa pa kabowo kakang'ono n'kuzizira kwambiri m'kabokosi ka kuseri kwa dashibodi, fani n'kukankhira kuzizirako kwa inu. Gasi ameneyu amangozungulira. Satha ngati petulo. Tsono munthu akakuuzani kuti gasi watha tingothira wina, mufunseni kuti wathawira pati. Popanda kutseka pothawira, mudzabweranso mwezi wamawa. Pothawira pamadziwika ndi banga la mafuta logwira fumbi, pa malumikiziro a mapaipi, pa kondensa pamene miyala imamenya, kapena kutsogolo kwa kompresa, chifukwa gasi amayenda limodzi ndi oyilo wake.

Musanapite kwa aliyense, yesani izi nokha. Kodi mphepo ikutuluka? Ngati ikutuluka yofooka ngakhale pa nambala yomaliza, tsegulani kuseri kwa kabokosi kosungira mapepala kumanzere, muli sefa. Pa misewu yathu ino imadzaza fumbi msanga, ndipo galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe makoswe amamangamo nyumba. Ngati fani ikugwira pa nambala yomaliza yokha, kapsa ndi kachipangizo kochepetsera liwiro, si kodula. Ngati mphepo ikutuluka bwino koma siikuzizira, tsegulani boneti, wina ayatse eyakoni, inu mumvetsere. M'magalimoto ambiri pamamveka "thi" ndipo pakati pa gudumu la kompresa pamayamba kuzungulira. Pakapanda kutero, onani fyuzi ndi rile. Zikakhala bwino, mwina gasi wachepa, pakuti pali siwichi imene imaletsa kompresa kugwira ntchito popanda gasi. Anyamata ena amailumpha ndi waya kuti akuonetseni kuti yagwira. Musalole, kompresa yopanda gasi imasowanso oyilo n'kupsa. Ikakhala kuti ikuzungulira, gwirani mapaipi awiri a aluminiyamu: yonenepa iyenera kuzizira mpaka kuchita thukuta, yowonda ikhale yofunda kapena yotentha. Onse akakhala chimodzimodzi, gasi wachepa kapena kompresa yafooka. Ndipo eyakoni yozizira pothamanga koma yofunda poima ikukuuzani zomwe zija: fani, kapena zinyalala pa kondensa. Nthawi zambiri eyakoni ndiyo imayamba kudandaula injini isanayambe kutentha.

Za gasi weniweniyo, pansi pa boneti pali kapepala konena mtundu wake ndi magalamu ake. Magalimoto ambiri amene tili nawo ndi a R134a. Akale kwambiri anali a R12, amene analetsedwa potsatira pangano la ku Montreal la 1987, limene dziko lathu linalowamonso, chifukwa amaononga chophimba cha m'mlengalenga chotiteteza ku ukali wa dzuwa. Atsopano ena akubwera ndi R1234yf. Mitunduyi siisakanizidwa. Wodziwa ntchito amayamba wakoka mpweya ndi chinyontho ndi pampu yake, n'kudikira kuona ngati mukuthawabe, kenako n'kuthira poyeza. Kuchulutsa gasi sikuonjezera kuzizira, kumangolemetsa kompresa. Wina akafuna kukuthirirani gasi wophikira chifukwa ndi wotchipa, nyamukani. Gasi ameneyo amayaka, ndipo mapaipi ake amadutsa pafupi ndi mawondo a ana anu.

Amene eyakoni yanu ili bwino, muziiyatsa mphindi 10 sabata iliyonse ngakhale m'nyengo yozizira, kuti oyilo azifewetsa malabala. Nthawi ya mvula ndiyo imachotsa msanga nkhungu pa galasi chifukwa imaumitsa mpweya. Koma isakunamizeni kuti isunga nsomba. Nsomba yaiwisi imafuna ayezi, kuzizira kwa pafupi ndi digiri 0, kumene eyakoni siifikako.

Kwa amakaniko athu, ambiri a inu timaswali limodzi. Galimoto ya munthu ikalowa pa galaja panu ndi amana. Kunena kuti sindinapeze vuto, tiyeni tiyese ichi chotchipa kaye, si manyazi. Kumasula injini mukudziwa kuti simunayeze, ndalama imeneyo muganize bwino ngati ili halali. Nafenso eni magalimoto tili ndi mlandu wathu. Timakana kulipira munthu amene wangofufuza n'kupeza kuti ndi fyuzi, timati wagwira ntchito yanji, koma wotiuza zazikulu timamupatsa mosanyinyirika. Tikatero tikuphunzitsa anyamata bodza ndife tomwe. Mlipireni wofufuza. Ndipo chochotsedwa chilichonse akupatseni m'manja muchione.

Pali ziwiri zina zokhudza moyo. Madalaivala amene mumagona ku dooko mu Juni ndi Julayi kudikira asodzi, musagone m'galimoto injini ikulira, hita ili yoyatsa, mawindo otseka. Ekizozi ikakhala yobooka, utsi wake umalowa, ndipo mpweya woopsawo ulibe fungo. Munthu amangopitirira m'tulo. Tengani bulangeti. Ndipo pa Ijumaa m'miyezi yotenthayi, mwana wogona musamusiye m'galimoto kuti tingoswali msanga. M'galimoto yotseka pa dzuwa la Okutobala mumatentha koopsa khutba isanathe n'komwe, ndipo thupi la mwana limatentha msanga kuposa la wamkulu. Mulowe naye, akalira tidzapirira.

M'mawa uliwonse musanalize, injini ili yozizira, onani madzi mu radiyeta mwenimwenimo, osati m'kachigubu ka pambali kokha, pakuti kachigubu kamatha kukhala kodzaza radiyeta ili youma ngati chivindikiro chafooka. Kumbuyo kwa mpando kusasowe chigubu cha malita 5 cha madzi oyera, mafyuzi angapo, lamba wapadera ndi tochi. Mwezi wamawa, Insha Allah, tidzakambirana za mapampu othirira a petulo, poti madimba ayamba kale kuuma.